Mawu Akundithawa

Lolemba, 3 Malichi

Tsiku lachinayi loyeserera sewero latsopano. Ndine woweruza milandu, masamba makumi anayi oloweza. Pa tsamba 12 ndinaima. Kukamwa yasa, m'mutu mbee. Mayi amene akusewera ngati mkazi wanga anandinong'oneza kawiri. Onse anaseka, ine kuposa onse. Zaka 34 pa siteji, sizinandichitikirepo.

Lachisanu, 7 Malichi

Lero katatu, malo osiyanasiyana. Dayilekitala, yemwe ndinamuphunzitsa ndine kaimidwe ka pa siteji, akuti, "Akulu, mwangotopa, kapumeni." Kumaso osandiyang'ana.

Kunyumba mwana wanga wamkazi anandigwirira mapepala kukhitchini, uku akudula anyezi. Zonse zinatuluka bwinobwino, ngakhale liwu limodzi losaphonya. Ndiye vuto lili pati?

Lachitatu, 19 Malichi

Kuchipatala. Dokotala anandiuza mawu asanu kuti ndisunge. Patapita kanthawi anandifunsa. Awiri okha. Mankhwala alipo, koma ongochedwetsa, osati ochiza. Mtengo wake sindilemba.

Potuluka dokotalayo anapempha kuti tijambulitse. Akuti mayi ake amakonda filimu ija ndinali woyendetsa sitima. Ndinamwetulira bwino lomwe, ntchito yanga imeneyo. Mwana wanga anapita kuchimbudzi, anakhalitsako.

Lachiwiri, 1 Epulo

Anayesa kundiika kachipangizo m'khutu kuti wina kuseri azindiwerengera. Ndimamveka ngati wolengeza maliro pa wailesi. Ndinakachotsa ndekha.

Gawo langa apatsa Wamtali, amene takhala tikulimbirana magawo chiyambire. Anabwera kuchipinda chovalira chipewa chili m'manja. "Achimwene, mukakana, ine sindilowa." Ndinamuuza alowe. Mkanjo wanga ukumulekeza m'mawondo.

Ine andipatsa mlonda wa pakhomo la khoti. Mawu awiri: "Nonse imirirani."

Loweruka, 12 Epulo

Tatsegula. Holo yodzaza. Nditangotulukira anthu m'manja phu phu phu, ndisananene kanthu. Pachikwangwani alemba dzina langa pamwamba, "wopambana mphoto katatu", ngati ndine mwini sewero. Mawu awiri aja ndinawanena. Kenako chilili pakhomo maola awiri, kumvetsera Wamtali. Akuchita bwino. Pa tsamba 30 mpaka anandiliritsa. Ndikanakonda akanalephera pang'ono.

Lachiwiri, 6 Meyi

Sindipitanso. Akuti Lachisanu ndinatsika pa siteji sewero lili mkati, n'kukakhala pampando wa owonera, yunifolomu ili m'thupi. Ena ankayesa ndi mmene sewerolo lilili. Ine sindikukumbuka chilichonse. Dayilekitala anaimba foni, analankhula ndi mwana wanga, osati ine.

Ndapukuta zikho zanga zitatu pa kabati. Chachikulucho ndikuchidziwa, n'cha filimu. Ziwirizo ndawerenga zolembedwapo. Chaka, dzina la sewero. Palibe chabwera.

Mwana wanga wasiya ntchito ya masana kuti azikhala nane. Akuti ankafuna kusiya kale. Bodza salitha, sanatengere ine.

Lamlungu

Deti sindikulidziwa, kalendala ili kutali. Mwana wanga wabweretsa tiyi. Ndinati, "Zikomo achemwali, amayi abwera?" Ndazindikira tiyi atazizira kale kuti mlongo ndilibe, ndipo amayi tinaika zaka zambiri zapitazo.

Mwezi watha akanandikonza. Akanati, "Adadi, ndine." Lero wangoti, "Abwera posachedwa, imwani," n'kundikonzera kolala.