Abambo Sanatsike pa Chitunda Chija

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Mualadzi tonse tadzuka, kupatula bondo la abambo lomwe likuvutabe.

Zida munatumiza zija ndamangirira pa karinya yathu, galimoto yonyamula katundu ija. Turubo ya motoro, kapena kuti injini, ikayamba kukankha mpweya mwamphamvu, kabomba, kampope kakang'ono kaja, kamapopera nkhungu ya madzi osakaniza ndi metanolo, mankhwala onga sipiriti aja, mu mpweya wolowa m'motoro, mpweyawo n'kuzizira. Abambo ataona ndikuthira madziwo anakalipa: "Madzi m'motoro? Mkulu wakoyo wasokonezeka ku Joni, ndipo iwe upha galimoto yotidyetsa!"

Loweruka tinanyamula chimanga kupita ku Chifunde, dzuwa likuswa mtengo, iwo atakhala kutsogolo. Mukuchidziwa chitunda chija pomwe motoro imatentha n'kufooka, anthu n'kutsika kuyenda pansi. Tikuyandikira, abambo anali atagwira kale ndodo yawo, dzanja lina pa chitseko. Ine mtima uli m'mwamba, ndinaponda mafuta. Kabomba kanalira, karinya n'kukwera osatsokomola ngakhale kamodzi, mpaka pamwamba! Amayi ena okwera kumbuyo anayimba nthungululu. Abambo anangobweza ndodo pansi.

Chonde munditumizireko kamlomo kena kopoperako, aka kangatsekeke. Metanoloyo musadandaule, ndimamukiyira m'nyumba, chifukwa ndi chiphe ndipo wina angamuyese kachasu.

Titafika ku Chifunde m'pamene abambo anayankhula: "Umulembere mkulu wako. Chitunda sichikutsitsanso munthu, ndiye asanamizirenso msewu. Abwere ndikadali moyo."

Ndalemba, achimwene. Mulungu ndi makolo athu akusungeni mpaka mudzafike.

Ine mng'ono wanu,
Zakariya