Usipa Wanga m'Thanki ya Akamwini

Cape Town
12 Juni

Wokondedwa mng'ono wanga Manesi,

Moni wambiri kwa iwe ndi onse pakhomopo. Uli bwanji? Bondo lija lakuleka, kapena ukungolikwekwereza kudimba monga mwa kusamva kwako? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira. Dziko lino mvula imagwa mu Juni, nthawi imene anthu olongosoka amakhala akukumba mtedza. Mwana wanga Judith wachira bwinobwino, ndipo khanda lija, Chikhumbo, likuyamwa ngati lili pa ganyu.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Foniyo ndi imene yandipalamulitsa. Mawu aja ndinakutumizira mwezi watha, onena kuti akamwini anga a Howard ndi okhwima, ndikudziwa kuti sunamvere wekha. Foni yako imayenda m'manja mwa aliyense pa Kasakula. Kalatayi ndapatsira a Lazaro a mabasi. Ndalemba ndekha ndi Sitandade 3 yanga, ndipo uwerenge uli chikhalire mpaka kumapeto.

Zimene ndinakuuza za thanki yagalasi ya pabalaza ndinazionadi, sindinaname. Kutalika kwake ngati bokosi la maliro a munthu wamkulu. Madzi ake ndi amchere, ndipo muli tinsomba tisanu ndi tiwiri ta mawangamawanga, toti ngakhale mphaka sangakhute nato. Ndiye muli miyala. Ina ili ndi nthambi ngati chinangwa, ina ili ngati bowa, ndipo imatulutsa timanja n'kumagwedeza. Judith anati dzina lake ndi makorali, ndi zamoyo za m'nyanja yamchere. Akuti amuna ake analembedwa ntchito yosamalira mathanki otere m'mahotela, ndipo a m'nyumbawa amawabzala tizidutswa ngati pa nazale, akakula abwana awo amatenga. Ine ndinangoti chabwino. Koma mumtima ndinati mwala wokhala ndi manja si mwala wosungira m'nyumba muli khanda.

M'mawa uliwonse, asanamwe ndi tiyi yemwe, akamwini amatsegula kabati ya pansi pa thankiyo, kutulutsa botolo la mowa woyera ngati kachasu, kukoka pang'ono ndi kajekeseni kopanda singano, n'kudonthezera m'madzimo. Munthu wa kwaya, mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Malomo, woti pa ukwati wake anakana ngakhale thobwa logona. Loweruka amatunga madziwo m'timabotolo tiwiri, kuthiramo mankhwala, kukhutchumula, n'kukhala duu kudikira. Kena kamasanduka kofiirira, kena kabuluu. Akatero amayang'anitsitsa n'kulemba m'kabuku. Iwe Manesi, tinakulira limodzi. Munthu wothira mowa pa miyala m'mawa, n'kumaombeza ndi timabotolo, kwathu timamutcha chiyani?

Mwina ukuti bwanji sindinawafunse. Ndiwafunse bwanji? Mpongozi ndi mkamwini sitikhalirana pafupi, sitipanikizana ndi mafunso. Nyumba ino ndi yaing'ono ngati chigafa cha mlimi waulesi, koma mwambo tikuusunga. Iwo akalowa pabalaza ine ndimapita kukhitchini, moni timapatsana nkhope zili kumbali. Ndinafunsa Judith, koma anali ndi tulo ta uchembere, anangoti amayi zisiyeni, ndi za kuntchito. Ine ndinati mawu akuti zisiyeni ndi amene amalankhula mkazi woopsezedwa.

Ndiye ndinachitapo kanthu, ndipo ichi pafoni sindinakuuze. Tsiku lina iwo atapita kuntchito, Judith atagona, ndinatenga botolo lija, kukhuthulira mowa wonse musinki, n'kudzazamo madzi a pampopi. Ndinati tione ngati mizimu yawo imamwa madzi. Komanso tinsomba tija tinkandimvetsa chisoni. Chakudya chake amatipatsa kamodzi, kotsina ngati fodya wa m'mphuno, ndipo ndikayandikira galasi tonse tinkathamangira kwa ine kukamwa kuli pululu. M'nyumba ya mwana wanga chamoyo chigone ndi njala ine ndilipo? Usipa uja unandimangira pobwera ndinkautikita m'manja, n'kumathiramo masana aliwonse.

Patatha masabata atatu zinthu zinaoneka. Galasi linachita ndere, miyala inamera ubweya wobiriwira, makorali aja anataya maonekedwe n'kukhala ngati fodya wowola m'chigafa. Limodzi linayera mbee ngati fupa. Ine ndinati ndagwira mbava, ndachotsa nsembe ndipo miyala yadwala. Ndi tsiku limenelo ndinakutumizira mawu aja, n'kukuuza kuti achimwene a Petulo, monga nkhoswe ya Judith, apite ku Malomo akafunse kwawo kwa akamwini kuti mwana wawo akuweta chiyani kuno.

Kabotolo kofiirira kaja kanayamba kufiira ngati magazi a nkhuku, kabuluu kanada bii. Akamwini anaonda ndikuona. Akaweruka ankasenza zigubu za madzi osefa, kusungunula mchere, kuchotsa madzi akale, kuthira atsopano. Loweruka likafika timabotolo tinkawayankha zomwezo.

Ndiye Lamulungu lina titabwera kutchalitchi kunabuka mkangano kuchipinda kwawo, chitseko chili chotsegula. Akamwini anati m'nyumba muno muli munthu amene akudyetsa nsomba mobisa. Judith anawafunsa ngati amamuona ali ndi manja anayi, awiri a mwana, awiri a nsomba. Iwo anati abwana awo akudikira makorali amenewa, ndipo akafa sadzawakhulupiriranso pa thanki ya munthu aliyense. Judith anati ndiye akakwatire miyalayo, iziwaphikira ndi timanja take tija. Iwo anati miyala ili bwino, siyankha mwano. Judith anati akatero iye anyamuka ndi amayi ake, akalime soya ku Ntchisi. Mawa lake anatulutsa sutikesi yaikulu n'kuiimika pakhonde la m'kati, poti aliyense wopita kubafa aiwombe.

Manesi, ine ndinkafuna kuti banjali lifufuzidwe, osati lithe. Ndinaiona sutikesiyo masiku awiri. Ndikamuyang'ana Chikhumbo ndinkaganiza kuti adzakula opanda bambo chifukwa cha usipa wa agogo ake.

Lachitatu madzulo akamwini ataweruka ndinamanga chitenje, kukhala pansi pakhomo la khitchini, nkhope nditalozetsa ku firiji. Ndinauza Judith kuti auze bambo a Chikhumbo kuti wodyetsa nsomba ndine. Iwo anali pomwepo, mapazi atatu okha, koma anadikira kuti Judith abwereze. Kenako anauza Judith kuti auze amayi kuti palibe mlandu, munthu wamkulu salakwa. Mawu amenewo anatuluka msanga kwambiri, ngati anali okonzeratu, koma ndinangowasunga. Ndinati awauzenso kuti m'botolo muja muli madzi a pampopi. Apa ndiye ndinamva kabati ikutsegulidwa. Akamwini ananunkhiza botololo, kulawa, n'kukhala pansi pasimenti ngati munthu wolandira uthenga wa maliro. Milungu yonseyi ankathira madzi m'madzi, moyeza bwinobwino ndi kajekeseni kawo.

Atapeza mpweya anandifotokozera, kudzera mwa Judith yemweyo. Akuti ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala zikawola m'madzimo zimasanduka zinthu ziwiri, nayitireti ndi fosifeti, ndipo timabotolo tija ntchito yake ndi kuonetsa kuchuluka kwa zimenezi. Ndinafunsa kuti zimenezo ndi matenda anji. Anati si matenda, ndi zomwe zija zili m'thumba la feteleza wokulitsa. Ndinamuuza Judith kuti afunsenso bwino, mwina wamva molakwika. Feteleza amene iwe ndi ine timamugonera pamzere mpaka miyendo kutupa, kuno munthu amadzuka m'mawa kukamuthamangitsa m'madzi.

Akuti fetelezayo akachuluka, ndere ndi imene imakondwa, makorali amatsamwa. Mowa uja si wa mizimu kapena wa nsomba. Ndi chakudya cha tizilombo tosaoneka ndi maso, timene tikachuluka timadya fetelezayo, kenako makina ena opanga thovu amatikokera m'kapu n'kukataya. Mulinso timiyala tofiira ngati dothi la katondo timene timayamwa fosifeti. Ndiye ine ndinachotsa alimi m'munda, n'kumathiramo manyowa tsiku ndi tsiku.

Apo ndinamva, chifukwa ndinakumbuka chaka chija malemu amuna anga a Abrahamu anathira zitosi za nkhuku zambiri pa nazale ya fodya pofuna kuposa a Petulo. Mbande zinapsa, bonongwe ndi amene ananenepa. Ndinati ndiye amuchotse yense fetelezayo lero lomwe. Anati ayi, akatheratu makorali amayezuka ndi njala, pamafunika katsalemo pang'ono ngati mchere wa m'ndiwo. Ndipo kutsitsa kwake ndi kwa pang'onopang'ono, ngakhale mowawo ayambirenso ndi timadontho. Nkhani ya ufiti sindinaitchule, ndipo mpaka lero iwo sakudziwa kuti ndinatumiza mawu kumudzi.

Pano makorali awiri anafa, enawo ayamba kutulutsanso timanja. Kabotolo kaja kabwerera kufiirira ngati lilime la khanda. Ine ndinapempha ntchito kuti ndilipe mlandu wanga, ndipo anandipatsa yotsuka kapu ya thovu ija. Kununkha kwake, chimbudzi cha pamsika chili bwino. Kunsi kwa thanki kulinso kathanki kena komwe amaweta ndere mwadala kuti izidya feteleza, ndipo ikachuluka amazula n'kutaya. Ine ndinaletsa kutayako. Ndimaitsuka mchere, n'kuikwirira m'zitini momwe ndabzala mpiru kuseri. Feteleza satayidwa ine ndikuona.

Koma tamvera izi. Tsiku lotsatira kuulula kwanga ndinati ndichotse sutikesi ija panjira. Ndinakonzeka kunyamula katundu wolemera, ndinangotsala pang'ono kugwa chagada. Munalibe ngakhale thewera limodzi. Kenako potsuka kapu ija ndinapeza m'kabatimo kapepala kapulasitiki, muli timitu ta usipa titatu, tosungidwa bwino. Ndinamupanikiza Judith pochapa. Anayamba ndi kukana, kenako anaseka mpaka kugwetsa sopo. Akuti amuna ake anatola timituto pa sefa ya thankiyo kalekale, ndipo mu Cape Town monse nyumba ya usipa wa ku Malawi wotikita pamanja akuidziwa. Koma mkamwini sangakalipire mpongozi. Ndiye anagwirizana zokalipirana okhaokha chitseko chili chotsegula, kuti mawuwo akapeze mwini wake. Ndinamufunsa kuti nanga zokwatira miyala zija anapangananso. Anati zimenezo anawonjezera yekha, ndipo anali kuzisunga kuyambira kale.

Sindinaganizebe ngati ndikwiye kapena ayi. Mwana amene ndinamubereka ndekha kundisewera ngati kamwana ka ku mkaka. Koma ndikaganiza bwino, iwo anandisungira ulemu pamene ine ndinali nditawanyoza kale kumudzi.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo usalichedwetse. A Petulo ananena kuti apita ku Malomo kumapeto kwa mwezi uno akatha kusankha fodya. Kwera kabaza tsiku lomwe walandira kalatayi, ukawapeze wekha, usatume munthu. Pafoni sangandikhulupirire, aziti akamwini andiimirira kumbuyo. Uwaonetse pepalali, zolemba zanga zokhotakhota amazidziwa. Uwauze kuti ulendowo ufe. Mawu a kukhwima akangolowa m'khutu mwa mayi a Howard, palibe madzi amene angawatsuke, ndipo sutikesi ija idzadzaza zenizeni. Ngati wapeza kuti apita kale, undiuze msanga. Ndidzakwera basi ndekha, ndikagwade ku Malomo ndi nkhuku m'manja, chifukwa mlandu ndi wanga, si wa Judith.

Amayi a Mvano amene anamvera nawo foni yako uwauze kuti wodwalitsa miyala wapezeka, ndipo ndi mkulu wako. Aseke, bola asekere ine.

Undiperekere moni kwa alamu anga, kwa achimwene a Petulo ndi akazi awo, kwa azakhali ngati makutu awo akumvabe, ndi kwa adzukulu onse. Judith akuti moni kwa amayi ake aang'ono. Akamwini nawonso apereka moni, kudzera mwa Judith.

Botolo latsopano la mowa lafika, ndipo ine ndalimanga kaulusi pamene mowawo walekezera. Za ufiti ndawachotsera akamwini, koma zoti akumwa ndi tizilombo tokha, ndikufuna ndione ndi maso anga.

Ndine mkulu wako,
Eveline Nankhoma