Msoko wa Nkhanu Wafika pa Intaneti

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA GULU LOSOKA ZIKWAMA LA SINGANO IMODZI

Tsiku: Lachinayi, pa 14 Ogasiti
Malo: Chipinda chosokeramo, kuseri kwa shopu ya owotcherera zitsulo
Nthawi yoyambira: 2:25 masana, m'malo mwa 2 koloko

Amene analipo:
Wapampando, mwini wake wa makina aakulu amene gulu limasokera nsalu yolimba
Wachiwiri kwa Wapampando, aZipi
Wodula Nsalu
Woyang'anira tsamba la gulu pa intaneti, aNetiweki
Mlembi, amenenso ndi mwana woyamba wa Wapampando

Amene sanabwere:
AMabatani, amene anatumiza uthenga wopepesa kuti dzino lawavuta. Ili ndi dzino lachitatu chaka chino.

1. KUTSEGULA MSONKHANO

Wapampando anatsegula msonkhano chiimirire. Atawakokera mpando, anati sanabwere kudzakhala. Wodula Nsalu anapemphera mwachidule. Mawu ambiri sanamveke chifukwa cha phokoso la owotcherera, koma "Ameni" anamveka.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WATHA

Mlembi anakumbutsa komiti zimene inagwirizana mwezi watha pofuna kukopa ogula pa intaneti. Choyamba, Mlembi azilemba nkhani imodzi pa sabata yophunzitsa anthu za zikwama, n'kumaika adiresi ya tsamba la gulu kumapeto kwake. Chachiwiri, anthu khumi oyamba kulemba ndemanga apatsidwe chikwama cha sukulu chaulere.

Zolembedwazo zinavomerezedwa. Wapampando anati zilembedwenso kuti iwo anavomera nkhani, sanavomere kuyanika za m'nyumba panja. Zalembedwa.

3. LIPOTI LA NKHANI ZA PA TSAMBA

ANetiweki anati nkhani yoyamba, ya kachapidwe ka chikwama, inawerengedwa ka 19. Yachiwiri, ya mutu woti "Zipi Ikakana Kutseka", inawerengedwa ka 31. Apa Wachiwiri anavomera kuti ka 11 anali iwo, chifukwa ankaganiza kuti ikunena za iwo.

Nkhani yachitatu, yoti "Lamba Wosaduka: Phunzirani Msoko wa Nkhanu", inadutsa owerenga zikwi zinayi, ndipo akuonjezekerabe. Ponena izi aNetiweki ankazungulira tebulo lodulira nsalu, foni m'mwamba, akuti kufunafuna pamene intaneti ikugwira bwino. Anati gulu latchuka, dziko lonse likutidziwa tsopano. Wodula Nsalu anawauza kuti akhale pansi, akuponda nsalu ya anthu, ndipo anawonjezera kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. ANetiweki anapempha kuti mawu amenewo asalembedwe. Alembedwa.

Pothandiza amene adzawerenge zolembedwazi mtsogolo: msoko wa nkhanu ndi kasokedwe kolumikizira lamba ku chikwama. Singano imayenda chammbali n'kumabwerera. Anaupeka okha Wapampando zaka 26 zapitazo, ndipo malamba onse a gulu amasoka ndi iwo okha.

4. ZA ZIKWAMA ZAULERE

Wodula Nsalu anati zikwama khumi zonse zinaperekedwa. Anati n'zodabwitsa kuti mwa opambanawo, atatu amakhala nyumba imodzi ndi Wachiwiri. Wachiwiri anati abale awo ali ndi zala zachangu, umenewo si mlandu. Nkhaniyi inasiyidwa kaye chifukwa panali ina yaikulu.

Wodula Nsalu anatulutsa pansi pa tebulo zikwama zaulere zinayi zimene zinabwezedwa, zonse zoduka malamba. Anafotokoza kuti zinasokedwa m'masabata awiri amene Wapampando anali ku chipatala kudwazika mng'ono wawo. Posafuna kuchedwetsa mphatso, iwo ndi Wachiwiri anasoka malambawo potsatira nkhani ya Mlembi, mzere ndi mzere.

ANetiweki anakakamizidwa kuwerenga ndemanga zimene analumpha mu lipoti lawo. Mayi wina analemba kuti: "Zikomo ndi chaulere chanu. Mwana wanga lamba wamudukira pakati pa msewu, makope onse m'matope." Telala wina analemba kuti wasoka malamba makumi awiri potsatira nkhaniyo, ndipo makasitomala akumusaka. Ndemanga zoterezi zinalipo 47. Foni inkalirabe ali mkati mowerenga.

5. DANDAULO LA WAPAMPANDO

Wapampando anati za nkhaniyo anazimva kwa namwino ku chipatala, amene anawaonetsa pa foni osadziwa kuti akuonetsa mwini msoko. Anati palibe anawafunsa. Anati msoko umenewo ndi umene unalera ana anayi bambo wawo atamwalira, ndipo munthu amene anadya za msokowo kuposa onse ndi amene waumwaza ngati mankhusu.

Analengeza kuti Loweruka m'mawa akubwera ndi galimoto kudzatenga makina awo, ndipo akutuluka m'gulu. Anati woyendetsa galimotoyo analankhula naye kale.

Wachiwiri anati popanda makina amenewo gulu latha, chifukwa makina ena awiri ang'onoang'ono a gulu amathyola singano pa nsalu yolimba. Wapampando anati akudziwa, n'chifukwa chake akuwatenga.

Mlembi anapempha kuyankha. Anati cholinga chake chinali chabwino. Nkhani ziwiri zoyambirira palibe ankaziwerenga, ndipo aNetiweki ankamuuza tsiku ndi tsiku kuti pa intaneti munthu umayamba wapatsa kenako ugulitse. Anati sanafune kuvutitsa Wapampando ali ndi matenda. Wapampando anati, "Usanditchule Wapampando pamenepa, ndine mayi ako." Mlembi anati, "Pepani amayi." Wapampando anati pepani sasoka lamba.

6. KUYESA MALAMBA

Mfundoyi sinali pa ndondomeko. Wapampando anatenga chikwama chimodzi chaulere chimene chinali chisanaduke mbali imodzi, n'kuikamo njerwa zisanu ndi imodzi zimene zimakhala kuseri kwa chitseko, monga amayesera katundu aliyense asanatuluke. Anachikoloweka pa msomali wa pakhoma. Asanabwerere n'komwe, lamba anati phwa! Njerwa imodzi inangotsala pang'ono kuphwanya phazi la aNetiweki.

Kenako anakoloweka chikwama chawo chakale cha kumsika, njerwa zomwezo. Chinangoti zii.

Wapampando anayang'ana msoko wodukawo pa windo kwa nthawi yaitali. Analamula kuti nkhani ya pa intaneti iwerengedwe mokweza. Mlembi anawerenga. Atafika pa mawu oti "bwererani chammbali katatu, kenako mangani mfundo", Wapampando anati abwereze. Anabwereza.

Apa ndi pamene Wapampando anakhala pansi koyamba chiyambire msonkhano.

Anati iwo anabwera ndi mkwiyo woti chinsinsi chawo chabedwa, koma akuona kuti palibe chabedwa. Chimene chili pa intaneti si msoko wa nkhanu, ndi msoko wa munthu amene amaonera patali. Anati, "Iwe unakulira pansi pa makina awa. Ulusi unkandilowetsera ndi iweyo maso anga atayamba kuvuta. Zaka zonsezi sunaone? Ukuphunzitsa anthu zikwi zinayi chinthu choti iwe mwini sukuchidziwa?" Anati izi zikuwawa kuposa kuba, chifukwa ankaganiza kuti tsiku lina akadzapita, msokowo uli kale m'manja mwa mwana.

Wodula Nsalu anati safunsa anadya phula. Mlembi sakutsutsa, ngakhale kuti Wodula Nsalu nawonso anasoka osafunsa.

7. MAGANIZO NDI CHIGAMULO

ANetiweki anati nkhaniyo isachotsedwe, chifukwa ngakhale otukwana nawonso ndi alendo a pa tsamba. Palibe anawathandizira.

Wachiwiri, akuyang'ana wotchi, anati ingosiyidwa yolakwika choncho. Matelala ena azisoka zoduka, ogula azithamangira kuno. Wapampando anaimiriranso. Anafunsa ngati Wachiwiri akufuna kuti makope a ana a eni ake azigwera m'matope kuti ife tidye. Wachiwiri anati amangocheza. Palibe anaseka.

Wodula Nsalu anagwada pansi, munthu wamkuluyu, n'kupempha Wapampando kuti asaphe gulu lonse chifukwa cha cholembera chimodzi. Wapampando anatuluka panja, anabweranso, anatulukanso. Kachitatu anabwera ndi mawu, ndipo komiti inawavomereza monga chigamulo:

(a) Nkhani ya msoko ichotsedwe lero lomwe, pamalo pake paikidwe kupepesa, ndi dzina la udindo wa amene analakwitsa.

(b) Aliyense amene lamba wamudukira chifukwa cha nkhaniyo, wolandira chaulere kapena wosoka yekha, abweretse kuno. Wapampando amukonzera ulere. Anati chaulere chenicheni ndi chimenecho.

(c) Galimoto ya Loweruka siyiimitsidwa. Ikamafika, pa msomali pakhale chikwama cha njerwa zisanu ndi imodzi chimene lamba wake wasoka Mlembi ndi manja ake. Lamba akagwira, galimoto ibwerera yopanda kanthu. Akaduka, makina akupita.

Mlembi anafunsa kuti, ngati si katatu, ndi kangati. Wapampando anati msoko suphunzitsidwa ndi pakamwa, ndipo pakamwa ndi pamene patifikitsa pano.

8. ZINA NDI ZINA

ANetiweki anafunsa ngati angajambule kuyesa kwa Loweruka n'kuika pa tsamba. Anauzidwa kuti foni yawo idzalowa m'chikwama pamodzi ndi njerwa.

Nkhani ya abale atatu a Wachiwiri idzakambidwa pa msonkhano wotsatira. Wachiwiri anali atafika kale pakhomo.

9. MSONKHANO WOTSATIRA

Lachinayi, pa 28 Ogasiti, 2 koloko masana, m'chipinda chomwechi, ngati gulu lidzakhalepo.

10. KUTSEKA

Msonkhano unatha 4:40 madzulo. Pemphero lotsekera panalibe, chifukwa wopemphera anali akutola njerwa.

Mlembi: wasayina.

Wapampando: anakana cholembera. Anatenga tsamba lino, analipinda pakona, n'kulisoka ndi singano yamanja ndi ulusi wofiira pamalo osayinira, pang'onopang'ono kuposa mmene amasokera masiku onse, atatembenukira kumene kunakhala Mlembi. Anatenga chikwama chawo n'kumapita.

Mlembi wawerenga msokowo kawiri, patsogolo ndi kumbuyo kwa pepala. Si katatu. Nambala yake sailemba muno.