Kalulu Ndinamunamizira

14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumbako. Kuno tadzuka, kabichi nayenso wadzuka, ndipo nkhani yake ndi imene yandigwiritsa cholembera.

Mukukumbuka magalasi amene munanditumizira chaka chatha, ine n'kukuyankhani kuti sindinakalambe? Ndinawaponya m'kabati. Pepani Achemwali, unali mwano.

Mwezi wathawu kabichi wa kudimba anayamba kukwinyika masamba. Wophika wa kusukulu yogonera, amene amatigula sabata iliyonse, anandiuza mosapsatira kuti akadzaonanso mitu yonyentchera akafuna dimba lina. Chonsecho banja lonse limadalira iyeyo. M'mawa wina ndinaona kalulu akutuluka pansi pa waya, ine basi, wakuba ndamupeza! Masabata awiri ndinakhalira kutchera misampha ndi kutseka mpanda, galu ndinamumangirira komweko. Kabichi n'kumangofotabe.

Tsiku lina alamu anu, mayi a ana, anandipeza ndikutukwana kalulu. Anatulutsa magalasi aja m'thumba la epuloni.

"Valani awa, mutembenuze tsamba," anatero.

"Ine ndimaona bwinobwino."

"Chabwino, valani mundionetse."

Ndinavala mokwiya. Mayo ine! Kunsi kwa tsamba lililonse nsabwe za m'masamba zili mbwee, tinthu totuwa, tochepa ngati njere za mpiru, tikuyamwa kabichi wanga dzuwa likuswa mtengo. Kalulu uja, ndi makutu ake onsewo, ankangodya timasamba tingapo ta kumpanda n'kumapita. Iye amabwera yekha, akakhuta amachoka. Tinthu iti sitikhuta, sitichoka, ndipo tikaswana sabata imodzi bedi lonse latha. Ine ndinkalimbana ndi amene maso anga ankatha kumuona.

Tapopera madzi a sopo kangapo, masamba atsopano akutuluka osalala. Dzulo wophika uja anabwera, anatenga kabichi osadandaula.

Tsopano ndiulule. Makalata atatu apitawo analemba ndi alamu anu, ine ndikungowauza mawu. Mutafunsa kuti bwanji zilembo zasintha, ndinanama kuti dzanja latupa. Munadziwa inu, koma simunandichititse manyazi. Zikomo kwambiri, Achemwali, mwandisungira dimba.

Misampha ndachotsa, galu wabwerera pakhomo. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Zilembo zokhotakhotazi muzipirire, ndi zanga, ndalemba ndekha.

Ine mlongo wanu wamakani uja,
wa magalasi pamphuno