Masamba Atatu Amene Ndinadula

Lachiwiri, 10 Juni 2025

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ife kuno tadzuka, mwendo wa mayi a ana wasiya kutupa. Ndalemba kalata chifukwa nkhaniyi pa foni ikanandikanika kuitchula.

Mwana wanu, woyamba wangayu, uja mumamutcha Mafunso, akufuna kulowa sukulu yophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta. Mayeso olowera ali pa 27 Juni. Kwatsala masiku 17.

Pa 12 Meyi abwana anandituma kukasesa chipinda chosungira katundu ku ofesi, n'kutaya zonse za pa shelefu ya pansi. Ndinapezapo mabuku atatu onenepa, ophunzitsa chiyankhulo cha kompyuta chomwecho chimene mwanayu amachitchula. Ndinawapempha, ndinawapukuta fumbi, mtima uli mbee. Koma mukudziwa kuti ine sindidutsa deti osaliwerenga. Tsamba lachiwiri linati 1999. Mafunso anabadwa 2004. Bukulo ndi mkulu wake ndi zaka zisanu.

Achimwene, ndinatenga lezala n'kudula tsamba limenelo m'buku lililonse. Ndinaopa kuti akaona chakacho awakankhira pansi pa bedi, ndipo ndinati chiyankhulo sichikalamba. Chimene timayankhula ife si chomwe ankayankhula amayi?

Mabukuwo ndinamupatsa, ndipo wawerenga masiku 28 osaphonya. Koma akakopera chitsanzo cha m'buku pa kompyuta imene munamutumizira ija, imamuyankha ndi malemba ofiira. Amafufuta, kulembanso, ofiira omwewo. Loweruka anaitseka n'kunena kuti, "Bambo, buku silingalakwe. Mutu wangawu ndiye wouma. Mayesowa ndisakalembe."

Ndinangoti, "Pumula kaye, mwanawe."

Dzulo ndinanyamula buku limodzi kupita nalo kwa bambo okonza makompyuta ku ofesi kwathu. Anaseka mpaka kuvula magalasi. "Mdala, mwawafukula kuti agogowa? Ine ndinaphunzirira lomweli!"

Ndinati, "Ndiye kuti ndi labwino?"

"Labwino kwambiri. Masiku ano salembanso mabuku ofotokoza chonchi."

"Nanga zofiira zija?"

"Aa, kompyuta ya lero singamve zimenezi. Malembedwe anasintha kalekale."

"Ndiye kuti ndi loipa?"

Anati kaganizidwe kake n'kothandiza, koma zitsanzo zina zinafa, ndipo wophunzira ayenera kudziwa chaka cha buku kuti aziona podumpha. Kenako anatsegula kutsogolo, n'kufunsa kuti, "Tsamba la chaka lapita kuti? Makoswe?"

Ndinati kapena.

Ndabwerako mutu utazungulira kuposa mmene ndinapitira. Ine wa sitandade 7 ndimadziwa kuti chinthu chikakhala cholondola Lolemba, chimakhalanso cholondola Lachisanu. Buku limodzi lingakhale bwanji labwino koma kompyuta n'kumalikana? Inu munapita patali ndi sukulu, ndiuzeni: apitirize nawo mabukuwa, kapena ndiwabwezere kotaya zinyalala? Ngati m'masiku 28 aja waphunzira zoona ndi zakufa mosakaniza, masiku 17 akwana kuzipatula? Mundiimbire Lamlungu, koma musayambe mwalankhula naye.

Masamba atatu aja sindinataye. Ali m'thumba la jekete langa la ku ntchito. Kawiri konse ndafika nawo pakhomo la chipinda chake, kawiri konse ndangomufunsa ngati wadya.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mayi a ana akuti mankhwala aja anawathandiza. Mafunso nayenso akupereka moni. Wamva kuti ndikulembera inu, ndiye waima pakhomo n'kunena kuti, "Muwafunse bambo aakulu ngati kuli ntchito yoyenera munthu wa mutu ngati wanga."

Funso limenelo musayankhe, Achimwene. Ndikamata envulopuyi ndikukatenga jekete.

Ndine mng'ono wanu,
Bambo a Mafunso