Makina Ojambula Chiberekero

Lolemba, 3 Malichi

Kuchipatala kuyambira m'mawa. Benchi louma, matako afa. Dokotala wandifunsa kuti mimba zingati. Ndati zinayi, zonse kupita padera mwezi wachinayi. Ndamuuzanso kuti pa kutenga mimba palibe angandipose m'dziko muno. Amuna anga, A Injiniya, akangoyanika buluku pafupi ndi diresi langa, basi ndaima. Kusunga ndiye kumandikanika. Nesi wa magalasi waseka mpaka kutsokomola. Dokotala ayi.

Akuti sikani sikuonetsa bwino. Akukayikira kuti m'chiberekero muli kakhoma kogawa pakati, mwana akakhazikika pamenepo sakula. Andipopera mankhwala amadzi, kenako ajambule. Ngati ndi kakhoma amachotsa. Zaka zonsezi apongozi kumati ndimaimirira kwambiri ku saluni!

Malamulo: amajambula munthu akangomaliza kumwezi. Wamimba samujambula. Nesi wandipatsa makondomu. Ine, pabanja, kufuna mwana chonchi? Ndaponya mudilowa ya ku saluni, momwe mumakhala zipeso.

Lachitatu, 12 Malichi

Kumwezi kwafika. Koyamba m'moyo kuona magazi n'kuvina. Kale ndinkalira m'bafa.

A Injiniya ndawasamutsira pa sofa. Miyendo kulendewera kunja ngati katundu wa pa njinga. Ati, "Mayi, kodi ndalakwa chiyani?" Ndati simunalakwe, vuto ndinu akatswiri.

Tsiku lonse kuluka mutu umodzi. Kasitomalayo mutu ngati bwalo la mpira. Msana.

Lachinayi, 20 Malichi

Tsiku lojambula. Kusamba kawiri, kabudula wamkati watsopano, ngati ndikupita kukajambulitsa chithunzi cha ukwati. Andiveka chigauni chotsegula kumbuyo. Chipinda chozizira. Kugona pa tebulo, miyendo m'mwamba, kudikira.

Makina osayaka. Ayesa, ayesanso. Akuti chitsulo china chapsa, ndibwere mwezi wamawa ndikamalizanso kumwezi.

A Injiniya pakhonde kuchonderera kuti awalole aone. Munthu wokonza mafoni pamsika! Mlonda wawabweza. Ndaseka mpaka pageti. Mu basi misozi yokha, osadziwa yachokera kuti.

Lamlungu, 23 Malichi

Sofa yabwerera kwa alendo. Munthu anandipeza ndikulira, ndikanamuthamangitsa bwanji? Tinati lamulo linali la mwezi uno, mwezi wake wapita kale pachabe.

Makondomu ali ku saluni. Sindinawakumbuke n'komwe. Bodza. Ndinakumbuka, koma kutopa.

Lachisanu, 4 Epulo

Nesi wa magalasi waimba foni. Makina akonzedwa. "Mukangoona magazi mutiuze, malo takusungirani." Ndati sisitala konzekani, chiberekero changachi mudzachipachika pakhoma mu felemu.

Ku saluni ndauza onse kuti akandimangira nyumba yatsopano m'mimba, ya chipinda chimodzi chachikulu. Mnzanga wa pa dilaya youmitsira tsitsi wati ndikabereke mapasa, mmodzi ndimupatse.

Lachinayi, 10 Epulo

Palibe.

Lolemba, 14 Epulo

Palibebe. Kuchimbudzi kulowa ndi kutuluka ngati ndine mlonda wake. Fungo la mankhwala owongolera tsitsi landitembenuza m'mimba, ndathawira panja kasitomala ali mutu theka. Mabere kulemera.

Ndikuzidziwa izi. Ndazidziwa kanayi.

Lachitatu, 16 Epulo

Mizere iwiri pa kachipangizo koyezera mimba.

Nesi wavula magalasi, wapukuta, wavalanso. Sanandikalipire, bola akanakalipa. Wangoti, "Mayi, apa sitingajambule." Dokotala akuti azindiona pafupipafupi ndi sikani, ena a kakhoma amafikitsa ndithu. Ndafunsa, nanga ine kakhomako ndili nako? Akuti sakudziwa. Adzajambula mimba ikatha.

Ikatha. Sananene kuti ikatha bwanji.

Potuluka ndadutsa pa chipinda chija. Makina kung'ung'udza bwinobwino, mayi wina atavala chigauni changa.

A Injiniya akondwa, akuimba mluzu, afuna kuimbira apongozi. Ndawalanda foni. Ndati dikirani. Andiyang'ana, mluzu zii. Apita kukatsuka mbale zimene ndinatsuka kale.

Loweruka, 19 Epulo

Saluni yodzaza. Nthabwala ndachita monga mwa masiku onse, palibe wadziwa. Katswiri ndi katswiri.

Kwabwera mtsikana, ukwati wake mu Julaye. Akufuna ndimuluke ineyo, iye ndi operekeza onse, akuti anamva kuti manja anga ndi ena. Ndati sanakunamize, mkwatibwi wanga amuna amakomoka pa guwa. Kenako ndawerenga pa zala pansi pa epuloni. Epulo, Meyi, Juni, Julaye. Mwezi wachinayi.

Ndamuuza kuti womuluka adzakhala mnzanga wa pa dilaya, ine ndidzakhala paulendo. Wafunsa ulendo wa kuti.

Ndati sindinadziwebe.