Diso Nalo Lili ndi Saizi

Lolemba, 3 Malichi

Ndacheka khutu la aphunzitsi. Kansonga chabe. Magalasi anatsetsereka ndi thukuta, lezala lili m'manja. Ndawauza kuti khutulo linali lalitali kale, ndalidulirako ulere. Sanaseke.

Mwana wanga wamva. "Ababa, mpandowo musiyireni mkamwini wanu, mupume." Ine kupuma? Ndinayamba kumeta anthu mkamwiniyo asanamere ndi tsitsi lomwe. Mpando sindipereka.

Lachitatu, 5 Malichi

Kwa adokotala a maso. Mayi wachitsikana, nkhope yosaseka. Akuti tilipo timagalasi tofewa tomata padiso penipenipo. Kuvala m'mawa, kutaya madzulo. Ndati ndipatseni tiwiri ndizipita. Akana. Akuti diso nalo lili ndi saizi ngati phazi.

Chibwano pakachitsulo, kuwala m'maso, kuyeza kukula kwake ndi kukhota kwake. Lakumanja ndi lakumanzere ndi osiyana. Ndati n'zoona, lina ndinatengera bambo anga, linalo aneba. Mlomo wawo unagwedera pang'ono. Ndawina.

Andiyesa tiwiri. Koyamba kumangoyendayenda ndikaphethira, ngati kabudula wopanda lamba. Kachiwiri nga! Ndakonda kameneko. Iwo akuti kakuoneka kothina. Ndachita makani, nsapato yatsopano imayamba yathina. Andilola ndikayese, koma kakangovuta ndichotse ndibwerere.

Lachinayi, 6 Malichi

Kuvala kwake nkhondo. Chala chikubwera, diso likuthawa. Mayi a kunyumba kuseka mpaka kukhala pansi. "Munthu woopseza anzake ndi lezala, kuopa chala chake chomwe!"

Kuntchito wopanda magalasi. Ndauza makasitomala kuti maso achira okha chisiyireni kuyang'ana akazi a eni. Ndimaona ndi imvi zomwe eni ake amabisa.

Masana diso layamba kuyabwa ngati muli mchenga. Sindinachotse, anthu anali akundiyamikira. Pofika madzulo psuu! Kagalasi kakanirira, kachoka movutikira.

Loweruka, 8 Malichi

Ndabwerera, maso ngati ndagona kumowa. Adokotala sanandikalipire, angondiyang'ana. Bola kukalipa. Akuti kagalasi kabwino kamasuntha pang'ono ukaphethira, misozi izidutsa pansi pake, diso lizipuma. Kothina sikafutukuka ngati nsapato. Ndipumitse maso kaye.

Magalasi akale abwerera pamphuno. Makasitomala akuti, "Madala, mwayambiranso kuyang'ana eti?"

Lachinayi, 13 Malichi

Saizi yapakati. Sindikukamva n'komwe. Adokotala andiphethiritsa kambirimbiri, akuti tsopano zili bwino. Mabokosi awiri, diso lililonse lake. Mtengo wake sindilemba, pepala lingalire.

Ka lero ndakabisa m'kapu madzulo kuti ndikatsuke ndivalenso mawa, kakadali katsopano. Mayi a kunyumba akapeza, akataya. "Diso si mbale, bambo inu."

Loweruka, 15 Malichi

Mwana wanga wabwera kudzaona yekha. Wakhazika mwamuna wake pampando, ndevu za sabata yathunthu. Ndamufunsa mkamwini ngati watsanzika kwawo. Watsinzina.

Ndameta myaa! Pakhosi, kuseri kwa makutu, opanda ndi kadontho komwe ka magazi. Mwana wasisita tsaya la mwamuna wake. "Mpando ndi wanu, ababa." Ndavina pang'ono, bondo landiletsa.

Atapita onse, ndikupukuta lezala, ndaona bwinobwino chimene magalasi akale ankandibisira. Dzanja likunjenjemera. Pang'ono chabe. Palibe wina waona.

Lolemba ndikawafunsa adokotala ngati ali ndi saizi ya dzanja.